Madzi Saiŵala Khwaŵa

Kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, ku Greenland, kuli mitsinje ya madzi oundana imene imatsetsereka pang'onopang'ono kuchokera ku mtunda kufikira ku nyanja yamchere. Ikafika kumeneko, kutsogolo kwake kumang'ambika, ndipo zibuma zazikulu ngati mapiri zimagwera m'madzi ndi mkokomo woopsa. Pa Chingerezi kugumuka kotereku amakutchula ndi liu limene amanenera ng'ombe ikamabala. Pa 28 Meyi 2008, anyamata aŵiri ogwira ntchito ndi katswiri wojambula zithunzi, James Balog, anajambula kugumuka kwakukulu pafupi ndi Ilulissat. Kunatenga mphindi 75, ndipo pakutha pake mtsinjewo unali utabwerera m'mbuyo mtunda wa mailo imodzi. Anthu ambiri anazionera zimenezi m'kanema wotchedwa Chasing Ice m'chaka cha 2012.

Ife a kuno ku Makanjira madzi oundana timangowadziŵira pa matalala ndi pa zidutswa zimene ogula nsomba amathira m'mabokosi mwao. Komabe za ukali wa madzi sitichita kuuzidwa ndi alendo. Nyanja yathu ya Malaŵi ndi yaitali kupitirira makilomita 500, ndipo kumpoto kwake ndi yozama pafupifupi mamita 700. Kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Ogasiti, mwera ukakuntha kuchokera kummwera, nyanja imene dzulo inali phee imaima ndi mafunde oyera, mapiri a tsidya lija la Salima osaonekanso. Asodzi amakokera mabwato ao pamtunda, usipa n'kusoŵa pa thandala. Akuluakulu athu amakumbukirabe kuti pa 30 Julayi 1946 sitima yatsopano ya Viphya inamira m'namondwe kumpoto kwa nyanjayi, ndipo anthu 145 anataya miyoyo yao. Ngati sitima yachitsulo inagonja, nanga bwato la mtengo umodzi ndiye n'chiyani?

Kale zinthu zoterezi zinkangosimbidwa pakamwa madzulo. Lero pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi foni yojambula. Nkhungu zikadzuka pa nyanja ngati utsi wa lupsa, timajambula. Mtsinje wa Lungwena ukadzaza n'kudula mseu wopita ku Mangochi, chithunzi chake chimafika kwa abale athu ku Johannesburg madzi asanaphwe. Zimenezi zili ndi ubwino wake, pakuti dera lakutali ngati lathu limaiŵalika msanga, ndipo chithunzi ndi mboni imene munthu wa muofesi sangaikane. Pamene namondwe wa Freddy anagwa m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, zithunzi za matope a ku Chilobwe ndi za midzi yokokoloka ya ku Mulanje ndi Phalombe zinathandiza kuti anthu a kutali amve kukula kwa tsokalo.

Koma abale, chithunzi chilinso ndi chinyengo. Chimachepetsa chinthu chachikulu kuti chikwane m'dzanja, ndipo chimene chakwana m'dzanja sitichiopanso. M'chithunzi mulibe kugwedezeka kwa nthaka, mulibe kuzizira kwa mphepo, mulibenso kulira kwa mai amene mwamuna wake sanabwerere ku nyanja. N'chifukwa chake timaona ana athu ataima pa gombe la mtsinje wosefukira, maso ali pa foni, osadziŵa kuti madzi akudya dothi pansi pa mapazi ao. Gombe lotere limagumuka monga momwe amagumukira madzi oundana aja: limaoneka lolimba kufikira nthaŵi imene lagwa. Anyamata a ku Greenland aja anajambula ali patali, pamalo okwera, atadikira masiku ambiri. Anadziŵa kuti mboni yabwino ndi imene yabwerako yamoyo.

Chimene tingaphunzire kwa Balog si kulimba mtima kokha ai, koma kupirira. Kuyambira 2007 iye anamangirira makamera ku miyala ku Greenland, Iceland ndi Alaska, kuti azijambula malo omwewo tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri. Chithunzi chimodzi chinkangodabwitsa, koma zithunzi zambiri zoikidwa motsatana zinaonetsa poyera kuti madzi oundanawo akutha chifukwa dziko likutentha.

Nyanja yathu nayonso ili ndi mbiri imene diso la tsiku limodzi silingaione. Pakati pa 1915 ndi 1935 madzi anatsika kwambiri kotero kuti mtsinje wa Shire unaleka kutuluka m'nyanja. M'chaka cha 1980 anakwera kupitirira mamita 477 pamwamba pa nyanja yamchere, namiza minda ndi nyumba. Kenaka anabwerera, ndipo mbadwo watsopano unamanga pamchenga pamene agogo ake ankapalasa bwato. Mu 2024 madzi anapitiriranso mamita 476, naloŵa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Ambiri anati nyanja yalanda malo ao, koma akale ananena kuti madzi saiŵala khwaŵa. Nyanja inangobwerera kwao.

Tsono tingachite bwino kugwiritsa ntchito mafoni athu mwanzeru. Banja lililonse la m'mphepete mwa nyanja lisankhe chizindikiro chosasuntha, kaya ndi mlambe, kaya ndi thanthwe, ndipo lizijambula madzi kuchokera pamalo omwewo kaŵiri pa chaka: mu Epulo kapena Meyi pamene nyanja yadzaza, ndi mu Novembala kapena Disembala pamene yatsika. Sukulu zathu zingathe kusunga zithunzi zotere pamodzi ndi mau a okalamba osonyeza pamene madzi anafika mu 1980. Pakapita zaka 20, mnyamata wofuna kuumba njerwa zake adzakhala ndi pofunsira asanakumbe maziko, ndipo mfumu yogaŵa malo idzakhala ndi umboni pokana.

Nyanjayi ndiyo imatipatsa chambo, utaka ndi usipa, ndiyo imaphunzitsa ana athu ndi kumanga nyumba zathu. Tiyenera kuikonda ndi kuiopa pamodzi, monga timachitira ndi moto wa kukhitchini. Tiziijambula inde, koma titaima pamtunda, ndipo mwera ukayamba, bwato likhale pamchenga.