Kulandira Chisanu ku Bembeke

Amayi anzanga, ngati simunagoneko ku Bembeke m'mwezi wa Juni kapena Julayi, ndiye kuti chisanu mumangochimva m'nkhani. Ine ndinakulira kunyanja, kumene bulangete limodzi limatha zaka khumi lisanang'ambike chifukwa chosowa ntchito, koma ukwati unanditengera kumapiri a Dedza. Lero ndafuna kuti tiyendere limodzi mudzi wa apongozi anga, muone m'mene amayi a kumeneko amakonzera nyumba ndi bwalo chisanu chisanafike. Ndikuuzaninso za usiku wina umene ine, pofuna kuchenjera, ndinatsala pang'ono kupha mwana wanga.

Mukachoka ku Lilongwe pa msewu waukulu wa M1, mumayenda makilomita oposa 80 kuti mufike pa boma la Dedza, patsinde pa phiri lotalika mamita pafupifupi 2,200. Mukapitirira pang'ono ngati mukupita ku Ntcheu, mupeza mphambano pamene amayi amayala kabichi, mbatatesi, nyemba ndi tomato m'mbali mwa msewu. Pamenepo ndi pokhotera ku Bembeke. Dera limeneli lili pamwamba, mamita oposa 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo cha kum'mawa kwake dziko limatsetsereka mpaka ku Mua ndi ku Mtakataka, kufupi ndi nyanja yathu. Anthu ophunzira za nyengo amati munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri asanu ndi limodzi kapena kuposerapo pang'ono. N'chifukwa chake mayi wa ku Mtakataka amatha kugona pakhonde usiku womwewo umene mnzake wa ku Bembeke wafunda mabulangete atatu, chonsecho onsewo ndi a boma limodzi. Ngakhale ansembe amene anatsegula mishoni ya Mua mu 1902 ankakwera kuno kudzapuma ku kutentha kwa m'chigwa, ndipo mishoni ya Bembeke inakhazikitsidwa mu 1910.

M'mawa wa chisanu ku Bembeke, nkhungu imakuta mudzi wonse mwakuti nkhokwe ya pabwalo pomwe simuiona. Nthawi zina kumachita mvula yowaza, yosanyowetsa nthaka koma yolowa m'mafupa, ndipo dzuwa limatha masiku awiri osaoneka. Koma amayi a kumeneko amaopa kwambiri usiku wopanda mitambo ndi wopanda mphepo, pamene nyenyezi zikuwala ngati zatsukidwa. Usiku wotero mpweya wozizira umatsikira m'madambo, ndipo kukacha mumapeza udzu wayera ngati wawazidwa ufa. Dzuwa likatuluka, masamba a mbatatesi ndi a nyemba za m'dimba amada ngati awauka ndi moto. Apongozi anga akaona kumwamba kwayera madzulo, amatuma ana kukaphimba nazale ya ndiwo ndi udzu wouma, ndipo mbewu zosapirira sazibzala pansi penipeni pa dambo, koma cha m'mbali pokwererapo.

Ntchito yokonzekera imayamba kale, mvula ikungoleka. M'mwezi wa Epulo, masamba a nkhwani, khwanya ndi chitambe akadali anthete, amawafutsa, kuwayanika ndi kuwamanga m'zikwatu za masamba a masuku, n'kuzipachika m'khitchini momwe utsi umaziteteza ku tizilombo. Inu a m'tauni mwina mukuti mfutso ndi ndiwo za anthu osauka. Dikirani tsiku limene chisanu chawaula dimba lonse, mudzaone m'mene mfutso wotendera umakomera. Mbatatesi zokolola amazisunga m'chipinda cha mdima koma mopita mphepo, pathandala, osati pansi. Zikaona kuwala zimabiriwira khungu, ndipo mbatatesi yobiriwira imawawa ndi kupweteketsa m'mimba.

Kenaka pamabwera nkhani ya nkhuni, imene masiku ano ndi yolemetsa mtima. Apongozi amasimba kuti ali mtsikana nkhuni ankatola kuseri kwa mudzi, koma lero mitengo yachilengedwe yatha m'mapiri ambiri, ndipo mtolo umodzi umadya theka la tsiku. Choncho pakhomo pawo palibe chotayidwa. Zitsononkho za chimanga amaziunjika m'dengu, mapesi amawasunga, nthambi zodulira ku mitengo ya bulugamu amaziwaza mu Meyi ndi kuzisanja pansi pa nkhokwe kuti ziume bwino nkhungu isanayambe. Amanena kuti nkhuni yaiwisi ndi mdani pawiri: sitenthetsa, ndiponso imadzaza nyumba ndi utsi. Anagulanso mbaula yadothi ija yotchedwa chitetezo, imene imadya nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa atatu, ndipo dothi lake limasunga kutentha moto utazima.

Mphepo ya nyengo imeneyi kawirikawiri imachokera cha kum'mwera chakum'mawa, ndipo mukayang'anitsitsa muona kuti mipanda ya udzu ya m'mudzimo ndi yolimba kwambiri mbali imeneyo. Bafa amalimanganso mwatsopano, pakuti palibe mwana angavomere kusamba pamene mphepo ikulowa m'mipata. Khola la mbuzi amalisesa kuti pansi paume, manyowa n'kupita nawo kudimba, ndipo nkhuku ya anapiye amaigoneka m'dengu m'khitchini chifukwa anapiye sachedwa kufa ndi kuzizira. Udzu wofolera amamweta mu Juni ndi Julayi moto wolusa usanayambe, ndipo mitolo yake amaiimika patali ndi khitchini. Kuzungulira nyumba ndi nkhokwe amalambula mpaka dothi lokhalokha. Zimenezi sachitira ukhondo wokha ayi. Nyengo imeneyi aliyense amasonkha moto, mphepo ndi yamphamvu, udzu ndi wouma, ndipo kamoto kamodzi kouluka kangathe kutentha chimanga cha chaka chonse.

M'nyumba, ming'alu ya m'zipupa amaimata, pansi amazira ndi mtsiro, ndipo pampata wa pansi pa chitseko amaikapo chiguduli. Mabulangete amachapa mu Meyi dzuwa likadali ndi mphamvu, chifukwa mu Juni bulangete lonyowa limatha masiku osauma. Majuzi a chaka chatha amene ana akula nawo amawamasula, ulusi wake n'kulukira zipewa ndi masokosi a makanda. Zonsezi ndinaziona ndi kuziyamikira chaka choyamba chimene ndinakagonako m'chisanu. Chinthu chimodzi chokha ndi chimene chinandidabwitsa. Nyumba ya apongozi inali yaudzu, ndipo mpata wa pakati pa chipupa ndi denga anausiya osamata. Mumtima ndinati nkhalambayi yaiwala, kapena dothi linaithera.

Ife tinkagona m'nyumba yamalata imene bambo a kwathu anamanga pambali pake. Malata ndi ulemu pamudzi, koma m'chisanu alibe chifundo: usiku amazizira ngati mwala wa mumtsinje, ndipo m'bandakucha amadontha mame pa zofunda. Pansi pa simenti ndiye posapondeka. Mwana wathu woyamba anali ndi chaka chimodzi ndi theka, bambo ake anali atabwerera kuntchito, ndipo ine ndinali nditabwera ndi mbaula yachitsulo ndi kathumba ka makala kuchokera m'tauni. Usiku wachitatu kunazizira koposa. Ndinakoleza makala, n'kulowetsa mbaula kuchipinda, ndinatseka zenera, ndipo timabowo tolowera mpweya tapamwamba pa zenera ndinatitseka ndi mapepala. Chipinda chinafunda bwino, ndipo ndinagona ndikudzitama kuti ndawaposa eni dziko.

Sindidziwa kuti inali nthawi yanji pamene ndinamva mwana akusanza. Ndinafuna kudzuka, koma mutu unali kugunda ngati mtondo, miyendo inakana, ndipo chipinda chinali kuzungulira. Chodabwitsa n'chakuti mantha ndinalibe, ndinangofuna kugonanso. Mwayi wake apongozi ndi a tulo tochepa. Anamva kulira kwa mdzukulu wawo kosazolowereka, anagogoda, ndipo posamva yankho anaitana mlamu wanga amene anathyola chitseko. Anatikokera pabwalo, pachisanu chomwe ndinkachithawa chija, ndipo mbaula anaiponya kunja. Kutacha anatiperekeza kuchipatala. Tonse awiri tinachira, koma kumeneko anandiuza mosabisa kuti pakanapita ola lina, nkhani ikanakhala ya maliro awiri.

Apongozi sanandikalipire. Madzulo ake tili kuwotha moto m'khitchini, analoza mpata uja wa pansi pa denga nati, "Mwana wanga, kodi umayesa dothi linandithera? Mphepo yapansi ndi imene timaitsekera, chifukwa ndiyo imapeza munthu pamphasa. Yapamwamba timaisiyira njira. Moto nawonso umapuma, ndipo ukautsekera umapuma mpweya wako." Ndinangoti, "Ndamva, mayi," nkhope ili pansi.

Amayi, ndikupempheni kuti apa muwerenge mofatsa, makamaka inu a m'tauni amene makala ndiwo nkhuni zanu. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya woipa umene madokotala amautcha carbon monoxide. Ulibe fungo, ulibe mtundu, ndipo sutsokomoletsa ngati utsi wa nkhuni. Ukalowa m'mapapo umakakamira m'magazi ndi kulanda malo a mpweya wabwino, kotero kuti thupi limabanika munthu akupuma. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, koma munthu amene ali m'tulo sazimva, ndipo ana ang'ono ndi amayi oyembekezera ndiwo amagonja msanga. Musanyengedwe ndi mawu akuti makala akafiira, utsi n'kutha, ndiye kuti ngozi yatha. Makala ofiira bwino omwewo ndi amene anandigwetsa ine. Mbaula isagone m'chipinda chogona anthu. Mukapeza munthu wakomoka m'nyumba yotero, tsegulani zitseko ndi mazenera, mutulutseni panja, ndipo thamangani naye kuchipatala ngakhale atatsitsimuka.

Moto uli ndi ngozi inanso imene imachuluka miyezi yomweyi. Ana amaunjikana pamafuwa m'mawa, wina chitenje chimagwira moto, wina amagwera mu mphika wa phala. Munthu wodwala khunyu asasiyidwe yekha pamoto ngakhale kanthawi kochepa. Mwana akapsa, thirani madzi oyera ozizira pabalapo kwa mphindi 20, phimbani ndi nsalu yoyera, ndipo pitani naye kuchipatala. Mazira, mafuta ophikira ndi mankhwala otsukira mano, zimene ambiri timathamangira kupaka, zimangoipitsa bala. Za chibayo nazonso tinene zoona: chimayamba ndi tizilombo, osati mphepo yokha, ndipo utsi wa m'nyumba yotseka umafooketsa mapapo a mwana kuti tizilomboto tipeze polowera. Kuyambira mu 2011 ana a m'dziko muno amalandira katemera woteteza ku mtundu wina wa chibayo, choncho onani m'buku la kusikelo ngati mwana wanu anamaliza. Mukaona akupuma mofulumira, kapena nthiti zikulowa m'kati popuma, musadikire kuti kuche kawiri.

Mwina mukufunsa kuti nanga mwana timufunditse chiyani ngati mbaula yatuluka. Apongozi anandiphunzitsa njira zawo. Pansi pa simenti amayala mphasa ziwiri ndi masaka, chifukwa chisanu chambiri chimachokera pansi. Pansi pa malata tinakhomamo mphasa za bango ngati siling'i, ndipo mame analeka kudontha. Mwana amamuveka chipewa ndi masokosi, ndi zovala ziwiri kapena zitatu zopepuka m'malo mwa chimodzi cholemera. Kwa ana okulirapo amafunditsa njerwa pamoto, kuikulunga m'nsanza zochindikala ndi kuiika m'zofunda asanagone, kenaka n'kuichotsa. Madzulo banja lonse limawotha moto m'khitchini, limadya nsima yotentha, ndipo nthawi yogona ikakwana moto amaukwirira ndi phulusa, aliyense n'kupita kogona atafundidwa kale.

Musaganize kuti anthu a ku Bembeke amadana nacho chisanu. Pabwalo pa apongozi pali mitengo inayi ya mapichesi imene mu Juni imayoyola masamba onse n'kuoneka ngati yauma. Chaka choyamba chija ndinafunsa ngati tingaidule ikhale nkhuni, ndipo anaseka mpaka kutsokomola. Mtengo wa pichesi umafuna kuzizidwa kuti uchite maluwa, n'chifukwa chake kwathu kunyanja kulibe. Iwo amaudulira nthambi uli chigonere chomwecho, ndipo chisanu chikamatha umachita maluwa ofiirira usanaphuke ndi tsamba lomwe. Sabata yatha ananditumizira uthenga kuti nkhuni zauma, mpanda wa bafa wamangidwa, ndipo ndikamapita ndiwatengere ulusi wa juzi, wofiira, pakuti pakhomo pabadwa chidzukulutuvi.