Makoko a Zipolopolo

Munthu wa ntchito ya m'boma akadutsa zaka 40 amayamba kusaka chochita ndi manja ake. Tsiku lonse wagwira cholembera ndi chidindo, ndiye pofika madzulo zala zimayabwa. Anzanga pano pa Mzimba Boma ena anayamba kuweta nkhunda, ena njuchi, ena anangokhazikika pa bawo. Ine mtima unagwa pa chinthu chosatchulika mu ofesi: ndinkafuna kuphunzira kudzazanso zipolopolo za mfuti.

Anandiutsa mtima ndi mng'ono wanga amene amagwira ntchito ku Joni, monga achitira anyamata ambiri a kwathu kuno. Bwana wake ndi mlimi, ndipo ali ndi kachipinda kuseri kwa galaja komwe amaswera Loweruka lonse. Akawombera sataya khoko la mkuwa lija ayi. Amalitola, kulitsuka, kuliwongola pa kamakina ka dzanja, kenaka n'kuikamo kachitsulo koyatsira moto, wonga ndi mutu watsopano. Khoko limodzi limabwerera kutchire kangapo. Wonga amayeza pa sikelo, ndi muyeso wotchedwa grain, wochepa kwambiri moti 15 sakwana n'komwe galamu imodzi. Pambali pamakhala buku lonena mlingo wa mfuti iliyonse, ndi kope lolembamo zotsatira zake. Lamulo la kumeneko la 2000 limalola mwini chiphaso cha mfuti kuchita zimenezi, bola asasunge tizitsulo toyatsira tija topitirira 2,400 pa mfuti imodzi. Wonga amagula m'sitolo, wa Somchem, wopangidwa ku Somerset West pafupi ndi Cape Town. Pa fakitale yomweyo mu 2018 munaphulika n'kufa anthu 8, akatswiri enieni a ntchitoyo.

"Achimwene," anatero mng'ono wangayo, "mzungu uja sachita chifukwa chosowa ndalama. Akuti zimamupumitsa mutu."

Mawu amenewa ndi amene anandikumbutsa abambo aakulu, akulu awo a bambo athu, kumudzi cha ku Luwerezi. Iwonso ankadzaza zipolopolo, koma kupumitsa mutu panalibepo.

Kunena zoona, mfuti si chida cha makolo athu. Angoni a Zwangendaba powoloka Zambezi mu 1835 ananyamula mikondo, zibonga ndi zishango, ndipo mpaka lero pa Umthetho ku phiri la Hora ingoma imavinidwa ndi zimenezo. Mfuti za gogodela zinali za anthu a kummwera kwathu, a kwa Mwase Kasungu, amene ankazipeza pa malonda a minyanga ndi a Jumbe a ku Nkhotakota, ndipo n'zimene zinawathandiza kuima pamaso pa Angoni. M'midzi mwathu mfuti inalowa mwakachetechete, ngati njinga kapena wailesi, m'katundu wa anthu obwera kolowa ntchito kunja.

Ya abambo aakulu inali chifefe cha mpope umodzi. Anagula ndi ndalama za Wenela, ulendo wawo womaliza ndege ija isanagwe ku Francistown mu 1974. Inali yolembetsa, ndipo chiphaso chake chinkagona m'Baibulo. Ntchito yake inali imodzi: nguluwe ndi anyani. Amene sanalimepo m'mphepete mwa mapiri olowera kwa Khosolo sangamvetse. Nguluwe zikalowa usiku umodzi m'munda wa chinangwa, m'mawa umaima n'kugwira pakamwa, ngati palima thirakitala ya munthu woledzera. Tsono chipolopolo chinali chodula, chogulidwa kutali m'tauni. Nkhalamba ija khoko lililonse inkalitola lidakali lotentha n'kuliponya m'thumba la jekete.

Tsiku lodzaza linali ngati la mwambo. Ankasankha m'mawa wopanda mphepo, mthunzi wa nkhokwe, kutali ndi khitchini. Kaliwo wawo ankamusiya m'nyumba, munthu amene ngakhale pa maliro ankatuluka kukasuta. Amayi aakulu sankaloledwa kudutsa ndi chikuni cha moto. Ana tonse ankatithamangitsa, kupatula mmodzi wogwira mbale, ndipo kawirikawiri ndinkakhala ine chifukwa ndinali wosayankhulayankhula. Sikelo analibe. Anali ndi kanyanga ka gwape kodulidwa kunsonga, ndipo kameneko ndiko kanali buku lawo, sikelo yawo ndi kope lawo. Khoko lililonse ankaliunika padzuwa, n'kuliyendetsa chala. Likakhala ndi kamng'alu kongonga tsitsi ankalitaya m'chimbudzi, kuopa kuti ife tingatole.

"Mwana wanga," ankatero, "wonga alibe mbale. Ukaonjeza pang'ono kuti ulase patali, umalasa pafupi."

Pafupipo tinkapadziwa. M'mudzi woyandikana nawo munali bambo wina wa zala ziwiri kudzanja lamanzere. Gogodela wake anali wosula yekha, ndipo tsiku lina mpope unalephera kusunga mphamvu ya wonga, n'kung'ambikira m'manja mwake. Anapita naye kuchipatala pa ngolo. Ndi chifukwa chake ndikamva anthu akutamanda luso la kale ndimavomera ndi theka la mtima: abambo aakulu anafa ndi zala zonse khumi, koma si onse a msinkhu wawo.

Atamwalira mu 2019 mfuti inatsala kuseri kwa chitseko. Kwathu chuma chimatsata kuchimuna, ndiye inagwera mwana wawo woyamba. Iyeyo ali ku Joni zaka zambiri, ndipo anangoti, "Muone inu a ku Boma." Ku banja kukakhala munthu wa tayi, pepala lililonse ndi lake. Apa mpamene chilakolako changa chinapeza poimira: mfuti ilipo, makoko ali m'chitini cha Cowbell, kanyanga kaja kali pomwepo. Chongotsala n'kuyamba.

Koma kuyambira pati? Lamulo lathu la mfuti, la 1967, limati chiphaso ndi cha munthu, sichilowa ngati munda. Mwini akafa, mfuti iyenera kudziwika kupolisi, ndipo wofuna kuitenga apemphe chakechake. Kupanga zipolopolo popanda chilolezo ndi mlandu. Sitolo ya wonga kuno kulibe, sikelo ija kulibe, buku lija kulibe. Wokugulitsa wonga kuseri kwa msika pa Jenda sangakuuze kuti wasakanizamo chiyani, ndipo kanyanga kaja kanadulidwira wonga wa mtundu wina, umene mwini wake yekha ankaudziwa pounusa. Nanga nyama? Ku Perekezi n'koletsedwa, ndipo chisinthireni lamulo la nyama zakutchire mu 2017, wopezeka ndi mlandu wokhudza nyama zotetezedwa kwambiri akhoza kukhala kundende mpaka zaka 30. Munthu wodikira penshoni amawerenga ziganizo zotere kawiri.

Mzungu wa ku Joni ali ndi lamulo, sitolo ndi buku. Abambo aakulu anali ndi njala, nguluwe ndi zaka 40 za kuzolowera kwa dzanja. Ine ndinalibe za uyu kapena za uyo. Ndinali n'zala zoyabwa basi, ndipo zimenezo wonga sazimvera chisoni.

Tinakhala pansi monga banja n'kugwirizana. Mfuti ndinaikulunga m'chiguduli, n'kuiperekeza kupolisi pamodzi ndi chiphaso ndi kalata ya imfa. Amayi aakulu sanatuluke m'nyumba tsiku limenelo. Makoko opanda kanthu aja anapita limodzi, koma kanyanga ndinasunga. Kali m'dirowa ya mu ofesi, ndimaikamo mapini. Munda wa kuphiri uja adzukulu amaulondera ndi agalu ndi zigubu, ndipo chaka chino theka lake adzalamo soya.