Achimwene Akagone Kuti ku Blantyre?

Mwana akasankhidwa kupita ku yunivesite, nthungululu imamveka mudzi wonse. Koma ikangozilala pamabwera funso lovuta: kodi akagona kuti? Zipinda za pasukulu sizikwanira ophunzira onse, motero ambiri amakachita lendi m'malokeshoni.

Funsoli lidatipeza kwathu ku Magomero pamene achimwene anga adasankhidwa kukaphunzira ku MUBAS, sukulu ya ku Chichiri yomwe inkatchedwa Polytechnic kufikira chaka cha 2021. Ndalama za lendi zimayenera kuchokera ku nandolo wa amayi ndi mbuzi zathu zitatu, choncho aliyense adali ndi mawu.

Amalume adasankha Bangwe poti nyumba n'zotsika mtengo. Achimwene adatenga pensulo n'kuwerengera mtengo wa minibasi kudzera ku Limbe, m'mawa ndi madzulo, mwezi wathunthu. Zomwe akadapulumutsa pa lendi zikadathera m'manja mwa kondakitala. Ku Chitawira ndi ku Naperi lendi ndi yokwererapo, koma munthu amakafika m'kalasi wapansi.

Abambo nkhawa yawo idali pa malo pomwe nyumba yakhala. Adatikumbutsa za namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene matope ndi miyala zidatsika m'phiri la Soche n'kukwirira anthu ku Chilobwe. Ifenso a ku Chiradzulu tidalira maliro masiku amenewo. Adati nyumba ya m'tsinde mwa phiri kapena m'mbali mwa mtsinje ayi, ngakhale ikhale yaulere. Adatinso chiyambire mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, mlendi ayambe wafunsa komwe madzi amatungidwa ndi mabanja angati amene amalowa chimbudzi chimodzi.

Amayi adayankhula pomaliza, ndipo mawu awo ndiwo adandigwira mtima. "Mwanangu, ukadwala malungo usiku, adzakugogodera ndani?" Kumudzi munthu akapanda kutuluka m'nyumba, dzuwa lisanafike pamutu anthu abwera kudzazonda. M'tauni ukhoza kugona masiku atatu oyandikana nawo osadziwa n'dzina lako lomwe. Tsono amayi ankafuna mwini nyumba wokhala pompo, kutali ndi nyimbo za m'mabala, ndiponso limana loti achimwene azikasonkhana nalo.

Pamapeto pake mbuzi imodzi idapita kumsika, ndipo achimwene akugawana chipinda ndi mnzawo ku Chitawira.

Anzanga, ena a ife tidzapitiriza maphunziro m'mizinda ngati imeneyi. Inunso makolo, musatumize ndalama chifukwa chongomva mtengo pafoni. Kaioneni nyumbayo masana, mukaionenso madzulo, mufunse oyandikana nayo momwe pamakhalira mvula ikagwa. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.