Magetsi amene timataya m'maofesi

Abale anga akumudzi, nkhaniyi ikundidya mumtima chibwerereni kutchuthi. Kuno ku Manchester ndimasamalira makina m'nyumba ina ya maofesi yansanjika zisanu ndi zitatu. M'mawa uliwonse, ndisanagwire sipanala, ndimayamba ndaona pakompyuta mmene magetsi ayendera usiku. Akakhala kuti anakwera cha m'ma 2 koloko, anthu ali mtulo kwawo, ndiye kuti chilipo chimene chinatsala chikulira, ndipo ndimachisaka mpaka ndichipeze.

Chaka chatha tinamangirira ma VSD, tizipangizo tochepetsa liwiro la mota, pa mafani okankha mpweya. Kale ankathamanga liwiro limodzimodzi, kaya mwadzaza anthu, kaya muli mlonda yekha. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti fani ukaichepetsa liwiro ndi 20 peresenti, magetsi amene imadya amatsika pafupifupi ndi theka. Eni nyumba sachita izi mwa chifundo ayi. Nyumba kuno imapatsidwa giredi ya kagwiritsidwe ntchito ka mphamvu, kuyambira A mpaka G, ndipo kuyambira Epulo 2023, ku England ndi Wales saloleza kuchititsa lendi nyumba ya bizinesi yosafika pa E, kupatula zochepa zololedwa mwapadera.

Ndiye mu Okutobala, ndili kutchuthi kuja, ndinalowa muofesi ina ku Lilongwe kukasainitsa mapepala. Eyakoni ikubangula, mawindo ali yasa, madzi akudontha m'chidebe cha penti. Mababu apakhonde akuyaka dzuwa likuswa mtengo. Magetsi atazima, jenereta inasenza katundu yense uja, kumwa dizilo wogula ndi ndalama zakunja zomwe tikuzisowa pogula mankhwala. Mtima unandiwawa.

Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, tinataya pafupifupi 130 MW, ndipo tonse tinaloza chala ESCOM ndi EGENCO. Koma magetsi ochepa omwe amatifikawo, timawagwiritsa ntchito bwanji? Tisanene kuti zosamala magetsi n'zakumaiko ozizira. Ku Harare kuli nyumba ya Eastgate, yomwe Mick Pearce anaikonza potengera chulu cha chiswe, ndipo chiyambire 1996 imazizira makamaka ndi mpweya wausiku.

Muofesi ya ku Lilongwe ija, ndinafunsa bambo amene ankandithandiza kuti amatsuka sefa ya eyakoni ndani. Anati amisiri amaitanidwa ikasiyiratu kugwira ntchito. Ndinapempha chilolezo, n'kuisolola. Inali bii, fumbi litaundana ngati bulangete, mpweya kusowa podutsa. Tinaitsukira limodzi pampopi wakuseri, mphindi khumi zokha, ndipo pobwerera anatseka okha mawindo.