Akavalo Oyenda Mwaulemu pa Chilumba cha Vieques

Kodi munamvapo za kavalo amene ungamukwere utanyamula kapu ya madzi, madziwo osakhavukira? Eni ake a ku Puerto Rico, m'nyanja ya Caribbean, amanena zotere ponyadira kavalo wao wotchedwa Paso Fino. Dzinali ndi la Chisipanishi, ndipo limatanthauza kuponda bwino kapena kuponda mwaulemu.

Akavalo ambiri akamathamanga pang'ono amadumpha, wokwerayo n'kumangonjanja pachishalo mpaka msana kuwawa. Paso Fino sadumpha. Amaponda phazi limodzilimodzi, kanayi motsatizana, ndipo nthawi zonse phazi lina limakhala lili pansi. Pa zionetsero amamuyendetsa pa matabwa kuti oweruza amve ndi makutu ngati ziboda zikugunda mofanana. Sachita kuphunzitsidwa ai, amabadwa nako kayendedweka. M'chaka cha 2012 akatswiri a ku Sweden anapeza kuti chinsinsi chagona pa kachinthu kamodzi kotengera kwa makolo, kotchedwa DMRT3.

Makolo a kavaloyu anawoloka nyanja ndi anthu a ku Spain. Oyamba anafika ku Caribbean ndi Columbus m'chaka cha 1493. M'magazi mwao munali mtundu wa Barb wa kumpoto kwa Africa, umene unalowa m'dziko la Spain ndi Asilamu kuyambira chaka cha 711. Eni minda ya nzimbe ndi khofi ankafuna kavalo woti ayendere naye munda tsiku lonse osatopa, ndipo ankasunga okhawo oyenda mofewa.

Malo abwino oonera akavalowa ndi Vieques, kachilumba ka kum'mawa kwa Puerto Rico. Kutalika kwake ndi makilomita 34, anthu ake ndi oposa 8,000, ndipo mumafikako pa sitima yapamadzi kuchokera ku doko la Ceiba. Kumeneko akavalo amangoyendayenda okha m'misewu ndi m'tchire monga zichitira mbuzi pamudzi, ngakhale ambiri ali ndi eni ake. Amayerekeza kuti alipo pafupifupi 2,000.

Alendo ofuna kukwera amayambira pafupi ndi mudzi wa Esperanza. Wowatsogolera amapita patsogolo, iwo pambuyo mondondozana, kudutsa m'zitunda ndi m'khwawa mpaka kutulukira ku Playa Negra, gombe la mchenga wakuda. Inu a kunyanja mukudziwa kuti mchenga wonyowa ndiwo wolimba. Pamenepo, m'mphepete mwa mafunde, ndi pamene kavalo amayenda bwino. Chifukwa cha kufatsa kwa mayendedwe ake, ngakhale munthu amene sanakwerepo kavalo chibadwire amatha kukweza maso n'kumaona nyanja m'malo mogwiritsa chishalo ndi mantha. Nyengo yabwino ndi kuyambira Disembala mpaka Epulo. Kuyambira Juni mpaka Novembala ndi nthawi ya namondwe, ndipo wa mu Seputembala 2017, wotchedwa Maria, anaononga kwambiri chilumbachi.

Komatu abale ndi alongo, kukoma konseku wolipira ndi kavalo. Iye sadandaula pamene dzuwa laswa mtengo, kapena pamene chishalo chamusupula pamsana. Mlendo wanzeru amayamba wayang'ana: kodi nthiti za kavaloyu sizikuonekera? Kodi alibe zilonda? Kodi wamwa madzi? Amasankha ulendo wa m'mawa kapena wa madzulo, ndipo akauzidwa kuti thupi lake lalemera kuposa mphamvu za kavalo, sakwiya. Palinso akamba a m'nyanja amene amakwirira mazira ao mumchenga wouma wa kumtunda. Chiboda chikaponda pamenepo chingathe kuphwanya chisa, n'chifukwa chake wokwera sayenera kupatuka pa njira ya womutsogolera.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Wokwera amakhala pagombe maola awiri okha n'kubwerera kwao ndi zithunzi. Kavalo uja m'mawa mwake amanyamulanso wina. Makolo, mukamafotokozera ana za kavalo woyenda mwaulemuyu, auzeninso kuti womukwera ayenera kumubwezera ulemu womwewo.