Masiku awiri ku Bua, ana titawasiya kwa agogo awo

Kwathu kuno banja likamanga katundu, anthu amafunsa kuti maliro agwa kuti kapena ukwati ndi wa yani. Ulendo wongokaona malo amati ndi wa azungu ndi mabwana a m'tauni. Ine ndimaphunzitsa pasekondale ina yoyendera m'boma la Ntchisi. Ndi mayi a kunyumba tatha zaka 9 pabanja, tili ndi ana atatu, ndipo tikakhala awiri nkhani yathu simapitirira fizi, feteleza ndi ngongole ya kubanki m'khonde. Tchuthi cha mu Ogasiti chitafika tidagwirizana zokagona m'tenti kwa masiku awiri m'mbali mwa mtsinje wa Bua, m'nkhalango ya Nkhotakota, popanda mwana ndi mmodzi yemwe.

Ana tidawatula kwa apongozi anga. Iwo sadandifunse ine kanthu, paja mkamwini sayankhulidwa mwachisawawa, koma ndidawamva akufunsa mwana wawo kuseri kwa nkhokwe: "Kodi kutchireko mukukasaka chiyani, nyumba muli nayo?" Funsoli tidaseka nalo njira yonse.

Galimoto tidabwereka kwa mlamu wanga, tenti kwa mnzanga wa kuntchito. Tidadzera pa Malomo n'kulowa msewu wa M18, wochokera ku Kasungu, umene umadutsa m'kati mwa nkhalangoyi potsikira kunyanja. Paboma tidagula mpunga, tomato ndi usipa, kenako tidatsata M5 cholowera ku Dwangwa mpaka pamphambano yopita kuchipata cha ku Bua. Pachipata Mmalawi amalipira ndalama yochepa poyerekeza ndi mlendo wakunja, choncho musaiwale chiphaso cha unzika.

Nkhalangoyi ndi yaikulu makilomita 1,800 m'bwalo lake lonse, ndipo kuyambira 2015 ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Pofika chaka chimenecho opha nyama mozemba adali atatsala pang'ono kumaliza njovu. Zotsala sizinkakwana 100. Mu 2016 ndi 2017 adasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete, pamalole. Zimenezi ndimazinena m'kalasi chaka ndi chaka, koma njovu yamoyo ndidali ndisanaionepo.

Tidaiona m'mawa wa tsiku lachiwiri, tikuyenda wapansi kumbuyo kwa mlonda wamfuti. Munthu saloledwa kuyenda yekha m'menemo. Mlondayo adangokweza dzanja, ife n'kuima. Tsidya lina la mtsinje zidalipo zingapo, kamwana kali pakati, zikuthyola nthambi mosapupuluma. Chodabwitsa n'chakuti chinyama chachikulu chotero mapazi ake samveka. Chomveka ndi kuthyoka kwa mitengo kokha. Mayi a kunyumba adandigwira dzanja mwamphamvu n'kunong'ona kuti, "Abambo, mukathawa musandisiye." Sindikumbuka kuti adandigwira dzanja pagulu liti chikwatiranireni.

Chovuta kumeneko ndi kashembe, ntchentche yoluma yomwe imafalitsa matenda a kaodzera. Imakonda nsalu yakuda ndi yabuluu, n'chifukwa chake misampha yake yomwe mumaiona itapachikidwa m'tchire imakhala ya mitundu imeneyo. Valani zoyererako, za manja aatali. Ndipo madzi a Bua ngakhale aoneke odekha chotani, musayerekeze kusambamo. Ng'ona zimaothera dzuwa pamiyala pomwepo.

Mtsinjewu uli ndi chuma china chomwe ambiri sitichiganizira. Mpasa, nsomba yokoma ija, imakulira m'nyanja koma poswana imakwera mitsinje, ndipo Bua ndi umodzi mwa mitsinje yochepa yomwe yatsala kuti mpasa iziswanamo. Ikutetezeka chifukwa chigawo cha mtsinjewu chili m'nkhalango. Koma Bua amachokera kutali, ku Mchinji, ndipo ife a kumtunda tikamalima mpaka m'gombe ndi kudula mitengo, matope athu amakakwirira miyala yomwe nsombayo imaikirapo mazira. Dimba la ku Ntchisi ndi mbale ya msodzi wa ku Nkhotakota n'zolumikizana kuposa mmene timaganizira.

Koma chimene ndalembera kalatayi ndi usiku. Netiweki idali yovuta, foni tidaiika m'chikwama. Titadya mpunga wathu wa usipa tidakhala pamoto, mtsinje ukulira pamiyala, anyani atasiya phokoso. Ola loyamba tidakambabe za ana: kaya wamng'ono uja wagona, kaya wamkulu akuthandiza agogo ake kutunga madzi. Nkhani za ana zitatha padakhala chete wautali ndithu. Kenako mayi adayamba kundiuza kuti akufuna kubwerera kusukulu akalembenso mayeso a Fomu 4, maganizo omwe akhala nawo zaka zitatu osapeza mpata wowatulutsa. Kunyumba akadayamba nkhaniyi mwana wina akadalira, kapena mlendo akadaodira pakhomo. Tidawerengetsa ndalama zake usiku womwewo mpaka moto udazima.

Pobwerera tidaima paboma. Tidaona mkuyu umene mbiri imati David Livingstone adakumanirapo ndi Jumbe mu 1863, pomudandaulira kuti aleke malonda a akapolo omwe ankawaolotsa nyanja pazombo kupita kugombe la Indian Ocean. Chapafupi pali tchalitchi cha Anglican cha All Saints, pomwe padaikidwa Bishopu Chauncy Maples yemwe adamira m'nyanja mu 1895. Ku Mawira tidangoviika zala m'madzi otentha otumphuka pansi. Nkhomaliro idali kondowole ndi chambo, mwera ukuomba moti mabwato ambiri adali pamtunda.

Ndalama yomwe idapita, makamaka ya mafuta, ikadagula feteleza ndithu, ndipo alipo anzanga amene andikumbutsa kale zimenezo. Sindikutsutsana nawo, paja nanenso ndimalima. Tili m'galimoto ndidanena kuti ndikufuna kudzabwera ndi ophunzira anga a Fomu 2 kuti adzaone njovu ndi mkuyu uja ndi maso awo. Mayi adayankha kuti, "Ana asukuluwo mudzabwera nawo nokha, abambo. Ine ndikadzalemba mayeso aja mudzanditengere ku Chia, awiriwiri."