Tepi iyambe yatuluka m'thumba, mtengo pambuyo

Anyamata a kunyanja, a ku Senga Bay, Nkhotakota mpaka Makanjira. Ambiri mwakhala mukundifunsa kuti ntchito yoika mashedi ndi makatani a pakhonde ndimatchaja bwanji kuno kwa Kapondo ku Mchinji. Ndiyankha kamodzi pano, owerenga atumizire ena.

Munthu akaimba foni n'kuti, "Khonde langa ndi laling'ono chabe, mungapange zingati?" ine sinditchula ndalama. Ndimatulutsa kope, n'kuyamba kumufunsa iyeyo. Madala kwathu sankakankha bwato asanaone ngati kunja kuli mwera kapena mpoto, asanawerenge mafuta a injini ndi alovi amene akwere. Ntchito ino ndi chimodzimodzi. Mtengo ukangotuluka mkamwa, kasitomala amaugwira ngati pangano, zotsala umalipira wekha.

Choyamba ndimalemba dzina, nambala, ndi kumene akukhala. Kuno kulibe nambala za nyumba, ndiye ndimafunsa mudzi, mjigo kapena sukulu yoyandikira, komanso ngati msewu wake umadutsika mvula ikagwa. Zitsulo ndi lona sizikwera kabaza wa njinga mtunda wautali. Thiransipoti yochokera pa Kapiri kapena pa boma imalowa mu mtengo, ndipo katundu wina amachokera ku Lilongwe.

Chachiwiri, nyumbayo ndi ya ndani? Pa sitolo zambiri wogulitsa amakhala wa lendi. Ukaboola khoma mwini nyumba asanavomere, mlandu ndi wako. Ndimafunsanso kuti alipire ndani. Nthawi zina woimba foni ndi mayi, koma ndalama ikuchokera kwa mwana wawo ali ku Joni kudzera pa Mukuru. Ameneyo ndimafuna aone zithunzi ndi mtengo pa WhatsApp yekha, asadzamve kwa wina.

Chachitatu, akufuna kutchinga chiyani? Funso limeneli anthu amaliseka koma ndiye mwini nkhani. Wa golosale yoyang'ana kumadzulo akuthawa dzuwa la masana la mu Okutobala lomwe limasungunula majarini ndi kufwifwitsa mapaketi. Iyeyo neti ya shedi kapena katani ya nsungwi imukwanira, mphepo izidutsa. Wa lesitilanti akuthawa mvula yowomba cham'mbali, ameneyo afunika lona yolimba yopindira m'mwamba. Wa saluni sakufuna odutsa aziona makasitomala ake tsitsi lili theka. Wa m'mbali mwa msewu vuto lake ndi fumbi la mu Ogasiti. Zinthu zinayi, mitengo inayi.

Kenako ndimapita ndekha kukayeza. Muyeso wa pafoni wa "mapazi asanu ndi awiri" sindiulandira, mapazi a anthu ndi osiyana. M'lifupi ndimayeza katatu, pamwamba, pakati ndi pansi, chifukwa zipilala zambiri za makonde sizinaime mowongoka. Khonde la mamita 4 m'lifupi ndi mamita 2.5 kutalika limadya masikweya mita 10, koma uwonjezere yopinda m'mphepete ndi yolowetsa paipi. Ndimagogoda khoma kuti ndidziwe ngati njerwa zake anamangira simenti kapena dothi. Khoma la dothi siligwira bawuti, pamenepo pafunika kukumba ndi kuimika mapaipi akeake, simenti ndi mchenga zilowenso mu mtengo. Ndimayang'ana phaso ngati chiswe sichinadye. Ndimafunsa ngati pali magetsi a ESCOM, chifukwa ngati palibe, kuwotcherera ndi kuboola kufuna jenereta ndi petulo wake.

Za mphepo ndiye ife ana a kunyanja tili ndi mwayi. Lona yotambasula ili ngati thanga la bwato, ikakola mphepo imakoka chilichonse chomwe yamangidwapo. Ndimafunsa oyandikana nawo kuti mkuntho wa mvula yoyamba umabwera kuchokera mbali iti, ndipo unasasulapo denga la ndani. Yankho lawo ndi lomwe limandiuza kuti pansi ndiike ngowe zingati.

Tsopano za ndalama, mvetserani bwino. Kuno ndi kumalire, Chipata ili pafupi kudzera pa Mwami. Munthu akati "kwacha" umufunse kuti ya Malawi kapena ya Zambia, ndipo ulembe papepala. Ulembenso kuti mtengowu ugwira ntchito masiku angati. Ine ndimaika 14. Kwacha yathu inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya zitsulo m'mahadiweya inasintha nthawi yomweyo. Anthu ambiri kuno ndi alimi a mtedza, soya, chimanga ndi fodya. Amafunsa mtengo mu Febuluwale, ndalama n'kudzaipeza mu Juni akagulitsa. Ndikamva kuti akudikira zokolola, ndimawauza poyera kuti tidzawerengeranso nthawiyo. Ndimafunsanso ngati alipire pamanja, pa Airtel Money kapena pa Mpamba, kuti ya kutapa tigwirizane kuti ili kwa ndani. Ya katundu imabwera kaye, ya manja anga ntchito ikatha.

Pali ena amakwiya ndi mafunsowa. Bambo wina anandiuza kuti ndikufunsa ngati wapolisi, n'kupita kwa mnyamata amene anatchula mtengo pompo pafoni. Ntchito imeneyo inandidutsa, ndipo sabata imeneyo kunyumba tinadya nsima ya masamba okhaokha. Zimapweteka ndithu. Koma ntchito yotchaja mongoganiza imatha ndi mmisiri kugula mabawuti ndi ndalama ya ndiwo, kapena kuchepetsa zitsulo mwakabisira kuti apezeko kena kake. Lona ikauluka, mudzi wonse umadziwa amene anaika.

Chomaliza, kope limenelo ulisunge ngati chikwama. Muli manambala a anthu, malo a nyumba zawo, ndi tsiku lomwe ndalama ikubwera. Osajambula tsamba lake n'kuponya mu gulupu pofuna kuonetsa kuti ntchito zikuyenda. Akuba a pafoni amafuna zomwezo.

Aphwanga amene mukuphunzira kuwotcherera kapena kusoka matenti, gulani tepi ya mamita 5, kope ndi cholembera musanagule foni yatsopano. Amene akufuna mndandanda wa mafunsowa andiuze, ndiujambula n'kutumiza. Mupereke moni kwa madala onse padoko, ndipo usipa ukatsika mtengo mundikumbukire.